Ruo Asanadzaze: Mbiri ya Maulendo Apansi a Anthu a Kuno Kwathu

Mwezi wa Okutobala ukalowa kuno ku Majaua, nyenje zimalira m'mitengo kuyambira dzuwa litangokwera kufikira litapendeka. Lupsa limakhala litadetsa mapiri, masuku ali pafupi kupsa, ndipo aliyense wokhala ndi khasu ali kalikiliki kusosa ndi kuunda mizere, maso ali kumwamba kudikira cizimalupsa. Mtsinje wa Ruo, umene pa dzinja umakokolola mitengo yathunthu, nyengo imeneyi umaphwa mpaka miyala yake kuonekera, ndipo pa madooko ena munthu amaoloka madzi akumulekeza m'maondo.

Masiku amenewa, pamene cilimwe cafika pacimake ndipo dzinja lili pafupi, ndiwo makolo athu ankanyamukira maulendo ao aatali apansi. Ana athu amaona pa mafoni anthu a ku Ulaya akuyenda m'magulu kudutsa m'minda ndi m'mapiri a kwao nyengo yofunda ikamayamba, zikwama kumsana, ndodo m'manja. Ku Spain kuli njira yodziwika yopita ku Santiago de Compostela, imene ena amaiyambira ku malire a France ndi kuyenda pafupifupi makilomita 800. Iwo amayenda mwa kufuna kwao, ena kukapemphera, ena kungoongola miyendo. Ifenso tili nayo mbiri ya maulendo a m'magulu, koma ambiri mwa makolo athu adanyamulidwa ndi msonkho, cibalo, njala ndi nkhondo. Tiyeni, abale, titsate mapazi ao kwa zaka zoposa 100, tione cimene cinkawacotsa pakhomo, cifukwa cimene nyengo yake inkakhala yomweyi, ndi mwambo umene unkacititsa kuti gulu lifike lonse kumene likupita.

Nyengo ya miyendo

Woyenda pansi amalamulidwa ndi madzi. Ruo amacokera pa phiri la Mulanje, limene nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, ndipo phirilo limalandira mvula yambiri kuposa zigwa zolizungulira. Ikagwa kumtundako, madzi amatsika mwadzidzidzi, ngakhale kuno kusanagwe ndi dontho lomwe. Kuyambira Disembala kufikira Malici, timitsinje totsika m'phiri la Chiperone ndi m'zitunda zina timadula njira, madambo amasanduka matope, ndipo udzudzu umacuruka. M'miyezi yozizira njira zimakhala zabwino, koma imeneyo ndi nthawi yokolola, yotuta ndi yomanga nkhokwe. Komanso ciperoni, mvula yowaza ija imene idatenga dzina ku phiri lathu lomweli, imazunza munthu wogona panja.

Tsono mwamuna wofuna kucoka osasiya banja pa njala ankayamba wasosa munda ndi kufolera nyumba, akatero n'kunyamuka. Nayenso wobwerera kwao ankafulumira kuti afike mvula yobzalira isanagwe, pakuti wofika mu Januwale ndiye kuti caka cimeneco adzadya kwa eni. N'cifukwa cake opita ndi obwera ankapatukirana m'njira m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala.

Alendo osadziwa lamulo la madzi limeneli adaona nalo tsoka. Bishopu Charles Mackenzie wa mpingo wa Anglican, amene adatsegula misoni ku Magomero m'caka ca 1861, adapangana ndi David Livingstone kuti akakumane pa mathiriro a Ruo kumayambiriro kwa Januwale 1862. Adanyamuka mvula ili pakati. Mitsinje idamucedwetsa, bwato lidagubuduzika pa Shire, mankhwala a malungo n'kumira, ndipo pofika pa malo a panganolo adapeza Livingstone atadutsa kale. Adamwalira pa 31 Januwale 1862 pa cisumbu ca Malo, pamene Ruo amathira mu Shire, pafupi ndi Chiromo.

Malire asanalembedwe

Kale Ruo sadali malire. Amang'anja ankakhala tsidya lino ndi tsidya lija, kukwatirana ndi kulirana maliro. Adali akatswiri osula citsulo ndi oomba nsalu za thonje, ndipo magulu a amuna ankasenza makasu, mcere, fodya ndi nsomba zouma kukasinthanitsa kutali. Njira zazikulu zocokera ku nyanja ndi ku mapiri a Shire zinkadutsa m'munsi mwa Mulanje kulunjika ku gombe la Quelimane.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1860 kufikira m'ma 1890, njira zomwezo zidadzaza misozi. Mafumu a Ciyao monga Matipwiri ndi Mkanda adakhazikika m'mbali mwa phirilo ndi kulamulira maulendo a minyanga ya njovu ndi a akapolo opita kugombe. Akapolo ankayenda pamzere, goli lili m'khosi, ndipo wolefuka ankasiyidwa panjira kapena kuphedwa. Angerezi adamanga linga la Fort Lister m'caka ca 1893 pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi Mchese pofuna kutseka imodzi mwa njirazo.

Ulendo woipawu tisauiwale, pakuti ndiwo utithandiza kusiyanitsa mitundu iwiri ya magulu imene tikumane nayo m'mbiri yonseyi. Pali gulu loyenda mokokedwa, m'mene munthu amawerengedwa ngati katundu, ndipo wotopa amatayidwa. Palinso gulu loyenda mopangana, m'mene wofooka ndiye amapima mayendedwe a onse. Njira imatha kukhala imodzi, dzuwa limodzi, matuza a kumapazi ofanana, koma maulendo awiriwa ndi osiyana ngati usiku ndi usana.

Msonkho, cibalo ndi tiyi

Pa 11 Juni 1891 Apwitikizi ndi Angerezi adasainirana pangano logawana dziko, ndipo Ruo adasanduka malire. Mabanja adagona ali a dziko limodzi, n'kudzuka ali a maiko awiri, popanda wowafunsa. Tsidya lino boma lidabwereketsa madera aakulu kwa makampani monga Companhia da Zambézia, imene idayamba m'caka ca 1892, ndipo makampaniwo ankatolera msonkho wa pamutu ndi kugwiritsa anthu nchito m'minda yao. Lamulo la 1899 lidati mwamuna aliyense wa dziko lino ali ndi udindo wogwira nchito, ndipo wopezeka alibe bwana ankatengedwa cibalo. Asipayi ankalowa m'midzi ndi zingwe. Ena adatengedwa kukalambula miseu, ena kukhala amtengatenga osenza mitolo ya azungu, ena kunyamula azungu enieniwo pa macila. Kuyambira 1938 kudadza kulima thonje mokakamizidwa, kumene kudatha m'caka ca 1961, ndipo amene thonje lake lapereweza ankalandira mbalamatodya m'manja mpaka kutupa.

Anthu adayankha ndi miyendo. Midzi yathunthu ya Alomwe, yocokera ku Gurué, ku Namarroi, ku Lugela ndi ku Alto Molócuè, idatsika kudutsa dera lathu la Milange kulowa ku Nyasaland, lomwe lero ndi Malawi. Kalembera wa boma la kumeneko adapeza Alomwe oposa 120,000 m'caka ca 1921, oposa 235,000 m'caka ca 1931, ndi pafupifupi 380,000 m'caka ca 1945. Ocuruka mwa iwo, kapena makolo ao, adaoloka malire pansi, mwene wao ali patsogolo, amayi atasenza mbiya, mitengo ya cinangwa ndi mbewu za nandolo ndi kalongonda. Munthu wonyamula mbewu sakhala wothawa cabe. Amakhala wapangana kale ndi mtima wake kuti kumene akupita akalima.

Koma tsidya lija sikudali kopumulira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 azungu adabzala tiyi ku Mulanje, pambuyo pake ku Thyolo. Tiyi amaphuka kwambiri mvula ikamagwa, nthawi yomwe eni dziko ali otanganidwa ndi kupalira minda yao. Motero eni maesiteti adalandira obwerawo ndi manja awiri, nawapatsa malo omanga ndi olima, koma malipiro a malowo adali thangata. Mau abwino a makolo, otanthauza kuthandizana pa nchito, adapotozedwa kukhala nchito yokakamiza, ndipo mwezi wa thangata unkatalika monga afunira kapitawo. Thangata lidali limodzi mwa madandaulo amene adabala kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915, ndipo ambiri mwa omutsatira adali anthu ocokera tsidya lino.

Padalinso ena osasamuka, amene ankangopita kukagwira nchito ya nyengo. Mvula ikayandikira, amuna a midzi ya m'malire ankasonkhana asanu, khumi kapena kuposa, n'kuoloka kukalembedwa yothyola tiyi, kuti apeze ndalama ya msonkho ndi nsalu ya amayi a kunyumba. Njanji yocokera ku Port Herald, imene lero ndi Nsanje, idafika ku Blantyre m'caka ca 1908, ikukwera m'mbali mwa Ruo kudzera ku Chiromo, ku Sandama ndi ku Luchenza. Koma sitima imafuna tikiti, ndipo wopita kukafuna ndalama amakhala alibe ndalama. Akuluakulu amatiuza kuti ambiri ankangoiona ikudutsa, iwo ali pa miyendo yao.

Ulendo wa ku Halale

Ulendo wautali kuposa yonse udali wa kummwera, wopita ku mapulazi ndi ku migodi ya Southern Rhodesia ndi ya ku Joni. Ena ankalembedwa ndi Wenela, bungwe lolemba anthu a m'migodi, ndipo ankanyamulidwa. Ena ankapita okha, ulendo umene unkachedwa wa selefu. Kucokera ku Blantyre kukafika ku Salisbury, mzinda umene makolo ankati Halale, ndi mtunda wa pafupifupi makilomita 600, ndipo wocokera kuno ankaonjezerapo masiku ena. Njira inkaoloka Shire, n'kudutsa dziko lotentha ndi louma la Tete, n'kuoloka Zambezi, n'kukwera kulowera ku Mutoko. Udali ulendo wa milungu ingapo, m'thengo la mikango, ndipo m'njiramo mudali apolisi ndi olemba anthu nchito mwacinyengo, odikira ofooka ndi njala kuti awakole ndi ufa pang'ono.

Mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa pa Zambezi m'caka ca 1935, okhala ndi ndalama adayamba kudutsa pa sitima. Kumapeto kwa zaka zomwezo boma la Southern Rhodesia, pofuna anchito ambiri, lidaika malole onyamula anthu popanda kulipira, amene adadziwika ndi dzina loti Ulere. Ngakhale zidatero, kukafika pokwerera kunkafunabe miyendo. Ena adabwera ndi njinga, bulangeti ndi makina osokera. Ena sadabwerenso, ndipo dzina lao lidatsala m'cinenero cathu: macona. Palibe banja la kuno limene likafufuza bwino lingasowe dzina la agogo amene adacona.

Mwambo wa panjira

Kodi anthu opanda mapu, opanda nsapato zolimba ndi opanda ndalama ankafika bwanji? Akuluakulu amene tidawapeza ankasimba mwambo umodzimodzi, ngakhale adayenda zaka zosiyana. Munthu sankanyamuka yekha, pakuti kuyenda awiri si mantha. Patsogolo pankakhala amene adaiyendapo njirayo, wodziwa madooko, zitsime ndi midzi yolandira alendo. Pambuyo pankakhala mwamuna wamphamvu, amene nchito yake idali kuona kuti palibe wotsalira. Anyamata oyenda koyamba ndi odwala ankaikidwa pakati.

Mtunda sunkawerengedwa m'makilomita koma m'zigono: kwakuti ndi zigono zitatu, kwakuti ndi zigono khumi. Gulu linkalawira tambala woyamba atalira, kuyenda mpaka dzuwa litafika paliwombo, kupuma pamthunzi kuti kutentha kwa Okutobala kudutse, n'kupitiriza madzulo. Kamba adali ufa, makaka a cinangwa, nandolo wouma, mcere ndi madzi a m'nsupa. Ufa wa munthu aliyense unkalowa mumphika umodzi, ndipo amene thumba lake latha msanga sankacotsedwa pa mbale. Usiku moto sunkazima, ndipo amuna ankasinthana kulonda. Wina akatupa phazi, katundu wake ankagawidwa. Akalephereratu, ankamusiya m'manja mwa mfumu ya mudzi wapafupi, wina n'kutsala naye, osati m'thengo.

Polowa m'mudzi wa eni, gulu linkayamba lakaonekera kwa mfumu ndi kupempha malo. Kuthyola cinangwa ca eni kapena kuseka cinenero cao kudali kuipitsira onse odzabwera pambuyo. Pamenepa ndi pamene padali pokhalira pa mwambi uja wakuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Nayo midzi ya m'njira inkadziwa kuti mlendo ndi mame, ndipo amene lero wapempha madzi mawa ndiye adzapatse mwana wako pogona.

Caka ca 1986

Ufulu udadza pa 25 Juni 1975, ndipo ambiri adayesa kuti maulendo a misozi atha. Koma pasanathe zaka zambiri, mfuti zidayambanso kulira m'dera la Milange. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo idabweretsanso gulu loyenda mokokedwa. Mbali ina inkasamutsira anthu ku midzi ya pamodzi, kutali ndi minda ndi manda a makolo ao. Mbali ina inkagwira anthu kuwasenzetsa katundu mitunda yaitali, ndipo wolefuka panjira sankacitiridwa cifundo. Wamba adali pakati ngati udzu pomenyana njovu: kupatsa cakudya awa kudali mlandu kwa awo, kukana kudali imfa.

Kumapeto kwa Seputembala 1986 tauni ya Milange idagwa m'manja mwa Renamo, pamodzi ndi matauni ena a m'malire a Zambézia ndi Tete. Pa 19 Okutobala caka comweco Pulezidenti Samora Machel adafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. M'milungu imeneyo, nyenje zikulira monga mwa masiku onse, anthu zikwizikwi adaoloka Muloza, Ruo ndi Shire kulowa ku Malawi. Ambiri a ife tidali m'magulu amenewo, ena tikuyenda tokha, ena tili kumbuyo kwa amayi athu. Mwai wathu udali wakuti mitsinje idali itaphwa. Akadakhala Febuluwale, Ruo akadatenga ambiri amene mfuti idawaphonya.

Ulendo umenewo sudali wokonzekera. Padalibe kusosa munda kapena kusinja ufa wa kamba. Komabe mwambo wa makolo udadzuka wokha. Tinkayenda usiku, kupewa miseu, odziwa njira za alenje ali patsogolo. Nkhalamba zinkanyamulidwa pa macila a nsungwi ndi citenje. Mwana wosokera ankatoledwa ndi banja limene lamupeza, mpaka eni ake adzapezeke, ndipo alipo pakati pathu lero amene adaleredwa motero. Tisabise kuti si onse adasunga mwambowo. Mantha adacititsa ena kusiya odwala m'nyumba, ndipo alipo amene mpaka lero sagona tulo akakumbukira amene adamusiya pa dooko. Sitikuwaweruza, pakuti tonse tidaona mmene usiku umenewo udalili.

Tsidya lija, oyamba kutilandira sadali mabungwe koma anthu a m'midzi, ena a iwo zidzukulu za Alomwe aja adaoloka zaka 60 m'mbuyomo. Phazi limene makolo adasiya lidatipezera pogona. Pambuyo pake padamangidwa misasa monga ya ku Muloza m'boma la Mulanje ndi ya ku Mankhokwe m'boma la Nsanje. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, othawa nkhondo a ku Moçambique okhala ku Malawi adapitirira 1,000,000, m'dziko limene kalembera wa 1987 adapeza anthu pafupifupi 8,000,000. M'boma la Nsanje alendo adacuruka kuposa eni dziko. Nkhuni zidasowa, minda idacepa, ndipo panali kukangana pa zitsime. Koma malire sadatsekedwe.

Ulendo wobwerera

Zokambirana za mtendere zidayamba ku Roma mu Julayi 1990, m'nyumba ya gulu la Sant'Egidio, ndipo mmodzi mwa ankhoswe ake adali Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira. Pa 4 Okutobala 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasaina pangano lothetsa nkhondo. Taonani mweziwo: Okutobala, mwezi wososa. Uthenga utamveka pa mawailesi m'misasa, funso la mlimi aliyense lidali limodzi, lakuti kodi tingafike kwathu mvula isanagwe?

Kubwerera kudacitika mwanzeru, monga mwa cizolowezi ca makolo. Mabanja ambiri adayamba atumiza amuna awiri kapena atatu kukazonda. Iwo adapeza midzi itamera thengo, zitsime zitakwiririka, milatho itagwa, ndi mitengo ya mango yokha ikusonyeza pamene padali khomo la yani. Ankasosa kamunda, kumanga msasa, n'kubwerera kukatenga ena. Cilala coopsa ca 1991 ndi 1992 cidali citatha mbewu, motero ena adadikira mpaka cilimwe ca 1993 kapena ca 1994, mabanja akudya ca kumisasa pamene munda wa kwao ukukhwima. Bungwe la United Nations loona za othawa kwao, la UNHCR, lidawerenga anthu pafupifupi 1,700,000 obwerera ku Moçambique kucokera m'maiko oyandikana nawo pofika 1995, ndipo ocuruka adali ocokera ku Malawi. Ngakhale padali mabasi ndi malole a mabungwe, ambiri a m'malire muno sadawadikire. Adasenza malata, mapoto ndi mphasa, n'kuoloka pa madooko omwe aja adathawirapo. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Mdani wa ulendo umenewu adali wobisika: mabomba okwirira pansi. Adakwiriridwa m'miseu, m'mbali mwa milatho, pa zitsime ndi pansi pa mitengo ya zipatso. Apa mwambo woyenda pamzere, aliyense kuponda pamene wapondapo mnzake wa patsogolo, udapulumutsa miyoyo. Woyenda patsogolo ankadziwa bwino lomwe cimene wavomera. Nchito yocotsa mabombawo idatenga zaka zoposa 20, ndipo padali pa 17 Seputembala 2015 pamene boma lidalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba ayeretsedwa.

M'njira zomwezo mudabwereranso anyamata amene adagwira mfuti, a mbali iyi ndi a mbali iyo, ena atatengedwa akali ana. Midzi idawasambitsa monga mwa mwambo ndi kuwapatsa khasu. Mu Okutobala 1994 onse, wothawa ndi womuthawitsa, adaima pamzere umodzi kuponya voti pa cisankho coyamba ca zipani zambiri. Mtendere umenewo udalembedwa ku Roma, koma kuno udafika pa miyendo ya anthu amene adalolera kuyenda njira imodzi ndi amene adawalakwira.

Njira zathu lero

Lero njinga ndi njinga zamoto zalanda nchito yambiri ya miyendo. Cimanga ndi nandolo wa kuno zimaoloka malire pa njinga kukagulitsidwa ku misika ya ku Malawi, ndipo mseu wa Milange kupita ku Mocuba uli ndi tara. Koma aliyense wa kuno adziwa kuti mayi wodwala pakati pa usiku m'mudzi wakutali amanyamulidwabe pa macila, amuna akulandizana, nyali ili patsogolo. Mu Malici 2023, namondwe Freddy atagwetsa milatho ndi kugumula mapiri tsidya lino ndi tsidya lija, miyendo yokha ndiyo idatsala yofikira abale. Ndipo mu Disembala 2024, zipolowe za pambuyo pa cisankho zitabuka, mabanja zikwizikwi a ku Morrumbala, anansi athu a kummwera, adaolokanso kulowa ku Nsanje, madzi ali okwera. Wothawa sasankha mwezi. N'cifukwa cake sitinganene kuti mbiri imeneyi idatsekedwa.

Cimene tili naco mantha n'cakuti amene adayenda mu 1986 ali akuluakulu, odziwa madooko ndi njira za alenje, akutha mmodzimmodzi. Amene adabadwira kumisasa lero ali ndi zaka zoposa 30, ndipo ana ao amadziwa njira ya ku Facebook kuposa ya kudooko kumene agogo ao adaolokera. Mwana amene sadauzidwe kuti banja lake lidakhalapo mlendo wopempha madzi sadzacedwa kupitikitsa mlendo pakhomo pake. Ndipo amene sadaphunzire kuti pagulu wamphamvu amatsalira pambuyo adzayesa kuti kufika woyamba ndiko kupambana.

Tsono inu makolo, cizimalupsa cisanagwe caka cino, pezani tsiku limodzi lopuma ku khasu. Panganani mabanja awiri kapena atatu, mutenge ana ndi agogo amene akali ndi mphamvu, mulawire tambala woyamba atalira. Nyamulani makaka ndi madzi, ufa wa nonse ulowe mumphika umodzi. Tsatani njira yakale yopita kumtsinje, ndipo agogowo akaima, imani nonse, akusonyezeni mtengo umene adabisalapo, mudzi umene udawapatsa phala, ndi mwala umene adapondapo poolokera. Ana afunse maina a amene adatsala panjira, ndipo wina wodziwa kulemba awalembe m'kope. Mnyamata wamphamvu kuposa onse mumuike pambuyo, mumuuze kuti nchito yake ndi kuwerenga mitu pa mphambano iliyonse mpaka mutabwerera kumudzi.